Hayala ya ku Monkey Bay, alendo anayi okakwera Ilala Lachisanu

Sienta Yoyera (dalaivala wa hayala pa Boma, Dedza, akufunsa madalaivala anzake pa gulu):
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi kankhani kakundizunguza mutu. Loji ina kuno yandiimbira kuti ili ndi alendo anayi ochokera kunja, bambo ndi mayi pamodzi ndi makolo awo okalamba, akufuna galimoto yaokha yokawatula ku doko la Monkey Bay kuti akakwere sitima ya Ilala Lachisanu likudzali. Akupita ku Likoma. Ine hayala zanga zimathera pa Lizulu, Bembeke, Linthipe, mwina ku bwalo la ndege ku Lilongwe basi, ku nyanja sindinatengeko mlendo. Mayi wa pa lisepushoni akufuna mtengo pofika mawa masana. Nditchule bwanji? Nanga ndinyamuke nthawi yanji?

Noah ya pa Masasa:
Tisanafike pa mtengo achimwene, katundu wawo mwamuona? Anthu opita ku Likoma sayenda ndi kachikwama ka m'manja. Anayi mu Sienta ndiye kuti mipando yakumbuyo mwaipinda, anthu atatu athinana pakati, mmodzi kutsogolo. Masutikesi akulu atatu okha adzaza kale kumbuyoko.

Sienta Yoyera:
Sindinamuone. Andiuza kuti ndi anthu anayi basi.

Noah ya pa Masasa:
Pitani lero lomwe mukamuone ndi maso anu. Mawu a pa foni sanyamula sikelo.

Gogo wa Msewu (Ntcheu):
Mwana wanga, funso lako lalikulu si la mtengo ayi, ndi la nthawi. Basi ikakusiya umadikira ina pa depoti. Ilala ikakusiya pa Monkey Bay, ndiye kuti wadikira sabata yathunthu, chifukwa imanyamuka Lachisanu kulowera kumpoto mpaka Chilumba, n'kubwerera mkati mwa sabata yotsatira. Mlendo amene wabuka kale chipinda m'sitima komanso malo ogona ku Likoma akakhala pa doko n'kumaona utsi wokha uko, sakakumva zoti tayala linaphulika pa Golomoti.

Ine maganizo anga ndi awa: usanyamuke Lachisanu. Nyamuka Lachinayi dzuwa likadali pamutu, mukagone ku Monkey Bay komweko. Malo ogona aliko ambiri, ndipo doko lili m'tauni momwemo. M'mawa mumangodzuka, kumwa tiyi, kuyenda kamphindi, mwafika.

Probox wa ku Bembeke:
Agogo, apo ndiye mwakulitsa nkhani. Dedza kukafika Monkey Bay ndi makilomita pafupifupi 140 podzera pa Masasa ndi Golomoti. Maola atatu sakwana n'komwe. Kudzuka 4 koloko, pofika 7 koloko muli pa geti la doko. Mlendo alipirenso malo ena ogona chifukwa chiyani, pamene analipira kale kuno?

Gogo wa Msewu:
Iwe wa ku Bembeke ndiye umayenera kudziwa bwino kuposa tonsefe. Mwezi uno 4 koloko m'mawa pa Bembeke pamaoneka chiyani? Chifunga chokhachokha, nyali zako zimangowala pa bonati. Ukakhota pa Masasa n'kuyamba kutsika mtsetse wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti mumdima ndi chifunga, makona aja suwaona ali patali, umawadziwa utafika kale. Dedza ili pamwamba kwambiri, mamita oposa 1,500, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kutsika konseko mbali yaikulu imachitikira pa kamtunda kochepa ka Khwekhwelere komweko. Sienta yodzaza anthu asanu ndi katundu, dalaivala woti sanatsikepo ndi mlendo, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mabuleki akatentha amafewa, umaponda koma galimoto imangopita. Ndaonapo anyamata ataima pambali pa msewu utsi uli tolotolo m'mawilo, akuthira madzi, zomwenso madisiki a mabuleki amapindika nazo.

Ukamatsika ika giya yotsika, injini ikugwirire ntchito. Galimoto yako ndi ya otomatiki, ndiye usaisiye pa D, itsitse. Buleki uziponda pang'ono n'kusiya, osati kuikanikiza osaleka.

Probox wa ku Bembeke:
Za chifunga ndavomera. Koma za kukagona ndikukanabe, si alendo onse amalola.

Mayi wa Maulendo (amakonza maulendo a alendo, Dedza):
Amalola mukawafotokozera bwino. Ndilowererepo pang'ono chifukwa ine ndimakhala mbali inayo, yolandira madandaulo.

Achimwene a Sienta, musakawauze kuti "ndikuopa msewu". Mukawauze kuti Lachinayi muwayendetsa mosathamanga, masana, akuona chigwa cha Bwanje chili tambalale kuchokera pamwamba pa phiri, ndipo mukafika pa Golomoti mutha kukhotera kumanzere pang'ono pa msewu wa M5 kukaona Mua Mission. Mishoni ija anaiyamba a White Fathers mu 1902, ndipo pali malo osungira za chikhalidwe a KuNgoni pomwe pali zigoba za Gule Wamkulu zambirimbiri ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayawo. Alendo a mtundu umenewu, oti abwera ku Dedza mwina kudzaona zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, pa Mua sangakanepo. Mwasandutsa ulendo wongokatula kukhala ulendo wa tsiku lonse, ndipo mtengo wake ukwera moyenera, iwo osadandaula.

Chachiwiri chimene palibe wanena: mwatsimikiza kuti sitimayo ikuyenda sabata ino? Ilala ndi nkhalamba. Anaipangira ku Scotland mu 1949, n'kuibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951. Nthawi zina amaiimitsa kuti aikonze, nthawi zina imachedwa kubwera kuchokera kumpoto, makamaka miyezi ino ya mwera pamene nyanja imakalipa. Alendo amawerenga ndandanda pa intaneti n'kumaganiza kuti ndi lamulo la Mose. Imbirani ku ofesi ya pa doko Lachitatu madzulo kapena Lachinayi m'mawa, mufunse ngati yafika, ngati inyamuka Lachisanu, ola lake, komanso nthawi imene okwera akufunika akhale atafika. Mukapeza mnzathu wa takisi wa ku Monkey Bay amene akuiona ndi maso ili pa doko, ndiye bwino koposa.

Sienta Yoyera:
Zikomo mayi, izi sindinaziganize n'komwe. Nanga ikapezeka kuti sikuyenda ine nditathira kale mafuta?

Mayi wa Maulendo:
N'chifukwa chake pamafunika dipoziti. Theka la mtengo alipire Lachitatu pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena asiye pa loji mukatenge. Ndipo mulembe uthenga umodzi pa WhatsApp wonena zonse, iwo ayankhe kuti avomera: tsiku, ola lowatenga, malo owatenga, malo okawatula, anthu angati, masutikesi angati, mtengo wonse, zomwe zili m'kati mwa mtengowo ndi zomwe mulibe. Mulembemonso kuti sitima ikalephereka musananyamuke, dipoziti isungidwa kudikira tsiku lina kapena mubweza mutachotsa zakutizakuti. Ikalephereka muli kale ku nyanja, ulendo wobwerera nawo ndi hayala ina. Zimenezi mukazinena pa doko mlendo atakwiya kale, zimamveka ngati mukumubera.

Uthengawo upite kwa mlendo mwiniwake, osati kwa wa pa lisepushoni yekha. Ine zinandionekerapo: dalaivala anatchula mtengo wake, wapakati anawonjezerapo zake osanena, tsiku lolipira mlendo ndi dalaivala aliyense ali ndi nambala yakeyake. Tinakhala ola lathunthu tikukangana pa malo oimika galimoto. Ngati wa pa loji akufuna kangachepe chifukwa chokupezerani ntchito, mugwirizane poyera inu awiri, muike mu mtengo wanu, mlendo amve nambala imodzi.

Noah ya pa Masasa:
Pa mtengopo ndithandizeko. Cholakwa chathu ambiri timawerengera ulendo wopita wokha. Inu muwerengere makilomita 280, kupita ndi kubwerera, chifukwa galimoto ibwerera yopanda munthu ndipo pobwerera ndi pokwera phiri, imamwa kwambiri. Onjezani za ku Mua ngati mudzereko. Galimoto yanu mukuidziwa nokha kuti lita imodzi imayenda makilomita angati ikadzaza, osati zomwe analemba a ku Japan. Mukapeza malita, chulukitsani ndi mtengo wa pa pampu wa tsiku limenelo. Pamwamba pake ikani ya mwini galimoto, ya matayala ndi sevisi, malipiro anu a masiku awiri osati limodzi, chakudya, ndi kachipinda kanu kogona. Musachite manyazi ndi chipindacho. Dalaivala wogona m'galimoto udzudzu wa ku nyanja ukumuimbira usiku wonse ndi amene amakasinza pa Khwekhwelere pobwerera.

Probox wa ku Bembeke:
Pobwerera mungochita matola pa Chantulo ndi pa Golomoti, mafuta abwerera okha. Mukatero mutha kumutsitsira mlendo mtengo, ena asakulandeni ntchito.

Noah ya pa Masasa:
Matolawo ndi mwayi, si malipiro. Ukawaika mu masamu, tsiku limene sudzapeza munthu udzalira. Komanso anyamata a pa siteji za kumeneko sasekerera galimoto yachilendo ikamawatolera anthu pamaso pawo.

Gogo wa Msewu:
Mafutawo athiridwe Lachitatu, thanki ikhale yodzaza musananyamuke. Zaka zapitazi taona tonse mizere ya pa filing'i siteshoni, munthu kugona pa mzere masiku awiri. Osadalira kuti mukathira kutsogolo. Ndipo mapepala akhale bwino: COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pa msewu), inshuwalansi yolola kunyamula anthu olipira, laisensi yoyenera. Galimoto yako ndi ya nambala yofiira?

Sienta Yoyera:
Ndi yofiira agogo, mapepala onse ali bwino. COF ikutha mwezi wa mawa.

Gogo wa Msewu:
Basi ndiye pa lodibuloko sipakhala nkhani yaitali. Tayala la sipeya ulipope, jeke ndi sipanala uziyese kunyumba.

Sienta Yoyera:
Ndangochokera ku loji kuja. Achimwene a Noah munalosera. Masutikesi akulu anayi, zikwama za kumsana zitatu, katoni ya mbale ndi makapu zomwe agula ku Dedza Pottery, kuphatikizapo kampando kopinda ka agogo aakazi omwe sayenda mtunda wautali. Mu Sienta sizingalowe ngakhale nditapemphera.

Noah ya pa Masasa:
Hahaha. Ndiye pali njira ziwiri. Mundipatse ntchitoyo ndikupatseni yanu ya pamwamba, kapena mutenge Noah yangayi masiku awiriwo, ine ndigwire ntchito ndi Sienta yanu kuno, tiwerengerane kusiyana kwake. Ine ndingakonde yachiwiriyi, alendowo mwalankhula nawo kale inuyo, akudziwani nkhope. Mlendo sakondwa akabuka munthu wina kukabwera wina.

Sienta Yoyera:
Yachiwiriyo akulu. Ndibwera Lachitatu masana tidzasinthane, ndidzaiyeseko kutsika pang'ono pa Masasa ndimve mabuleki ake.

Mayi wa Maulendo:
Poti mwatchula za agogo osayenda bwino, muwachenjeze ana awo. Pa Monkey Bay amakwera bwinobwino sitima ili pa doko, koma m'malo ambiri omwe Ilala imaima imakhala patali ndi mtunda, anthu ndi katundu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Afunse ku ofesi ya pa doko momwe zikhalire kotsikirako, akonzekeretu wowathandiza. Si ntchito yanu kwenikweni, koma akakumbukira kuti ndinu munawauza. Katoni ya mbale ija isakhale pansi pa masutikesi.

Ndipo Lachisanu musangowatula pa geti n'kutembenuza galimoto. Dikirani alowe, matikiti awo atheke, katundu akwere. Mukaona sitima yasuntha ndiye muziyamba wobwerera.

Probox wa ku Bembeke:
Ikachedwa mpaka madzulo ndiye azikhala pomwepo tsiku lonse ulele?

Mayi wa Maulendo:
Ayi. Akalowa m'sitima ndi katundu wawo ndipo a pa doko atsimikiza kuti inyamuka lero, ntchito yatha. Kudikira kopitirira maola awiri kukhale ndi mtengo wake, mulembe mu uthenga uja.

Sienta Yoyera:
Ndabwera kudzapereka lipoti akuluakulu. Alendo anavomera zonyamuka Lachinayi, ndipo bamboyo anati ankadabwa kale kuti adzuka bwanji makolo ake 3 koloko usiku kuzizira kwa ku Dedza kuno. Tinanyamuka 10 koloko. Pa Khwekhwelere ndinatsika ndi giya yotsika monga munanenera agogo, tinaima kamodzi kuti ajambule zithunzi, ndinagwira wilo linali lofunda chabe. Pa Mua tinatha maola awiri, ine ndinkaganiza theka la ola, agogo aamuna sankafuna kutuluka m'chipinda cha zigoba. Apo pokha ndinaluza, sindinaike nthawi yodikira ya pa Mua mu uthenga uja.

Cha kutsogolo kwa Chantulo tayala lakumbuyo linaphwa, msomali. Kusintha ndi kukamatitsa zinatidyera ola ndi theka chifukwa wa matayala anali atapita kokadya. Ndinangoti chikhala kuti ndi Lachisanu m'mawa, kaya. Tinafika Monkey Bay dzuwa likulowa. M'mawa anakwera bwinobwino, katoni ya mbale yosasweka.

Achimwene a Noah, galimoto yanu ndaitsuka, ili ndi kota thanki monga munandipatsira, koma tayala lija ndi lomata, mudzalione. Alendo aja akuti abwerera pa sitima yomweyo sabata ya mawa ndipo akufuna ndikawatenge ku doko ndikawasiye ku Lilongwe. Ndiye tikambiranenso za galimotoyo.

Noah ya pa Masasa:
Bwerani nayo tione tayalalo. Za sabata ya mawa, muyambe mwaimbira ku doko mumve kuti ifika tsiku lanji ndi ola lanji musanathire mafuta, pobwera kuchokera kumpoto ndiye imachedwa kawirikawiri.

Probox wa ku Bembeke:
Ngati Noah ikhale yotanganidwa, ine ndinyamula masutikesi okha pambuyo panu. Probox sikana katundu.