Agogo akamazunzidwa ndi amene akuwasamala, tiyambire pati?

Nabanda:
Abale, ndigawireni nzeru. Munthu wachikulire wosatha kuyenda akamasungidwa ndi mwana kapena mdzukulu wake, tingadziwe bwanji kuti akuzunzidwa, osati angofooka ndi ukalamba? Nanga tikatsimikiza tipite kuti, poti woti tikamnenereyo ndi yemwenso amawaphikira?

Anamwino:
Mayi Nabanda, yambani ndi thupi. Okalamba sachedwa kuchita mikwingwirima kunja kwa mikono ndi m'miyendo akangodzigunda. Yodetsa nkhawa ndi ya mkati mwa mikono, pakhosi, kumakutu ndi kumsana, komanso zipsera zozungulira dzanja kapena mwendo, zomwe zimasonyeza kuti amamangidwa.

Onaninso m'matako, m'chiuno ndi ku zidendene. Wogonera kumodzi ayenera kutembenuzidwa pakatha maola 2 aliwonse. Khungu likafiira kapena kuda osabwerera mwakale, chilonda chayamba, ndipo mphasa yonyowa ndi mkodzo imachikulitsa msanga. Ena amamana agogo madzi kuti asamakodze pogona. Mudzaona pakamwa pouma, mkodzo wochepa wachikasu kwambiri, ndi mutu kusokonezeka. Tengani buku lawo la kuchipatala, muone tsiku lomwe analandira mankhwala a BP kapena a shuga, muwerenge mapiritsi otsala kuti mudziwe ngati akupatsidwa mankhwalawo.

Muwafunse ali okha. Wowasamalayo akamawayankhira funso lililonse, osafuna kusuntha, pamenepo pali nkhani.

Bambo Gama:
Musayambe ndi kukalipira wozunzayo, chifukwa inu mukachoka mkwiyo umathera pa agogo. Pezani kaye kwa wachibale wina komwe angakhale. Ngati avulala, pitani kupolisi ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, akupatseni kalata yopita nayo kuchipatala kuti mabala alembedwe asanapole. Dziwitsaninso ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silikhudza mwamuna ndi mkazi okha. Kholo lozunzidwa ndi mwana wake litha kupempha khoti chiletso choliteteza. Nyumba ya Malamulo idavomerezanso lamulo la anthu achikulire mu 2024, ndipo bungwe la MANEPO, lomenyera ufulu wa anthu achikulire, limatsata nkhani zotere.

Musaiwale ndalama. Fufuzani amene akusunga chiphaso chawo cha unzika ndi PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, komanso amene amakalandira za Mtukula Pakhomo kapena penshoni. Kwa amfumu mungakambe za munda wolandidwa, koma kumenya munthu sikuthera pabwalo ndi nkhuku.

Mayi Nasibeko:
Nthawi zambiri nkhanza zimakula pamene agogo ayamba matenda oiwala. Amasochera, amatuluka usiku, nthawi zina osavala, amanena kuti mwawabera. Banja losadziwa limati ndi dala kapena ufiti, n'kuyamba kuwatsekera m'nyumba. Awa ndi matenda a muubongo, apite nawo kuchipatala. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo lokhudza za ufiti la 1911.

Sindikuikira kumbuyo womenya kholo, koma mwana mmodzi sangathe kusambitsa, kuchapa ndi kudikira usiku chaka chonse abale ali m'tauni. Khalani pansi ndi eni mbumba, mulembe pa pepala wogula sopo ndi ufa, wogona nawo Loweruka, ndi wina wosakhala pakhomopo woti azifika mosadziwitsa kawiri pa mlungu.