Zikomo abale, Carentan ndadutsa tsopano

Zikomo nonse amene munandiyankha sabata yatha nditadandaula kuti mu gemu ya nkhondo ya pa kompyuta ya Company of Heroes, ya 2006 ija, asilikali anga akungothera pa mfuti ya chiwaya ya adani, MG42, pa gawo la gemuyi la Carentan, tauni ya ku France. Ena munati ndingoika pa Easy kuti gemu iphweke. Ayi ndithu, mwana wa achemwali angandiseke mpaka Khirisimasi.

Ndinatsatira nzeru ya achimwene a ku Mufakose, kuno ku Harare: gulu limodzi libisale kuseri kwa khoma, paja pamaoneka chishango chobiriwira chosonyeza kuti n'potetezeka, lina lizungulire cham'mbali. Kani MG42 imaombera kokhako komwe yayang'ana, ndipo kuti itembenuke, eni ake ayenera kuinyamula kaye. Ndinaizembera kumbuyo, bomba lam'manja limodzi, basi yatha. Ndinakuwa mpaka mayi a pakhomo kutuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja.

Ndaonanso kuti gulu likatsala anthu awiri, ndi bwino kulibweza m'mbuyo. Kuwonjezeramo asilikali n'kotchipa kuposa kuitanitsa latsopano, komanso luso lomwe lapeza silitayika.

Muzisevanso gemu pafupipafupi. Kuno ku Highfield magetsi anazima ndili pafupi kumaliza, batire la laputopu yanga linafa kalekale, ndinayambiranso pachiyambi.