Chrome akungosunga ma password pa makompyuta a gulu, thandizeni

wa_labu: Akuluakulu, ndatopa nazo. Makompyuta onse m'labu mwathu ali pa akaunti imodzi ya Windows. Munthu akalowa Facebook kapena Gmail, Chrome amafunsa zosunga password, iye n'kungodina osawerenga. Wobwera pambuyo akungolowa ngati kwawo. Ndikazimitsa mu settings, mawa lake wina wayatsanso. Ndi Windows Home, ndiye za gpedit (chida choikira malamulo pa kompyuta, chomwe mu Home mulibe) musandiuze.

mkulu_wa_seva: Za settings zisiyeni achimwene. Lowani mu registry (nkhokwe ya ma settings a Windows), HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome, pangani DWORD ya PasswordManagerEnabled, ikani 0. Kabatani ka mu settings kaja kamauma, sangakagwirenso. Onani pa chrome://policy ngati yalowa. Edge ndi chimodzimodzi, pa Policies\Microsoft\Edge. Koma akaunti ya anthuyo isakhale ya admin.

madala_freeze: Ikani Deep Freeze basi, pulogalamu yobwezera kompyuta mmene inalili. Makina akayambanso, zonse zapita.

mai_netiweki: Chenjerani, policy imeneyo imangoletsa kusunga atsopano. Ma password akale adakali momwemo ndipo azidzilembabe okha, fufutani kaye. Komanso ambiri satuluka mu akaunti, amangotseka windo n'kunyamuka. Cookie (kafayilo kokumbutsa webusaiti kuti munthu walowa kale) ikatsala, wotsatira safunika password n'komwe.

madala_freeze: N'chifukwa chake ndikuti Deep Freeze.

mai_netiweki: Madala, anthu ali pamzere, ndani azizimitsa kompyuta munthu aliyense akadzuka pampando?

tekinishani_wakale: Kumene ndinkagwira kale, bambo wina analowa mu Chrome mwenimwenimo ndi akaunti yake ya Google, n'kuvomera sync. Ma password ake onse, mpaka a kuntchito, anatsikira pa makina a gulu. Tinadziwa mnyamata wina atabwera kudzafunsa kuti bamboyu ndi ndani, dzina lake likungotuluka paliponse. Ikaninso BrowserSignin pa 0 mu registry momwemo, kuti asamalowe mu Chrome ndi akaunti zawo. Ndipo muzisuzumira kuseri kwa makina, ka keylogger (kachipangizo kojambula zonse zimene munthu akutayipa) ka USB pa chingwe cha kiyibodi sikamva policy.

mkulu_wa_seva: IncognitoModeAvailability pa 2 imakakamiza incognito, ma cookie amapita akatseka mawindo onse. Onse, osati limodzi.

wa_labu: Nanga Firefox? Ilipo pa makina angapo.

mkulu_wa_seva: policies.json mu foda ya distribution, OfferToSaveLogins ikhale false. Kapena ichotseni, msakatuli mmodzi akwana.

madala_freeze: Mavuto onsewa mukudzipatsa nokha. Ine chiikireni Freeze ndimagona tulo.

mai_netiweki: Mumagona, koma ma update a Windows mumawatani? Mukaiwala thaw (kumasula Freeze kuti zosintha zisafufutike), makina amatsitsa zomwezo tsiku ndi tsiku, bandulo n'kutha.

madala_freeze: Ili ndi nthawi ya maintenance imeneyo mayi, mumangoitchera usiku.

tekinishani_wakale: Usiku wake uti, mlonda amazimitsa pa switch yaikulu akamatseka?