Kodi boma limvere akatswiri mpaka pati popanga ndondomeko zake?

Chisale wa ku Zomba adalemba:

Ndikupempha maganizo anu, makamaka inu amene mudagwirapo ntchito m'maunduna kapena m'zipatala. Nduna zikamalengeza ndondomeko yatsopano, kawirikawiri zimanena kuti zatsatira uphungu wa akatswiri, ndipo zinthu zikasokonekera, otsutsa boma amanena kuti akatswiri omwewo sadamveredwe. Nkhani imene imandizunguza mutu mpaka lero ndi ya m'bindikiro wa mu Epulo 2020. Anthu oyamba kupezeka ndi Covid-19 m'dziko muno adalengezedwa pa 2 Epulo, ndipo pasanathe masabata awiri boma la a Peter Mutharika lidalengeza kuti dziko lonse likhala pa m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Mavenda adachita zionetsero ku Blantyre ndi ku Mzuzu, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC lidakamang'ala kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. M'bindikirowo sudachitikenso.

Ngati n'zoona kuti anthu akamasonkhana pang'ono matenda otere amafala pang'ono, monga mmene madokotala padziko lonse ankanenera, kodi tinene kuti khoti lidatsekereza sayansi? Ndipo m'dziko la demokalase, mawu omaliza ayenera kukhala ndi ndani, amene adaphunzira nkhaniyo mozama kapena amene tidamuvotera?

Nabanda, namwino wopuma, adayankha:

A Chisale, musanafike pa Covid-19 ndikufuna ndikukumbutseni kuti dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa nkhani imeneyi, ngakhale kuti sitikonda kuitchula. M'chaka cha 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo n'kuyamba kupereka SP, amene anthu ambiri ankawadziwa ndi dzina lakuti Fansidar. Chidachititsa ndi kafukufuku wa m'dziko momwe muno, amene adaonetsa kuti ana ambiri ankamwa chloroquine koma tizilombo ta malungo osafa. Sichinali chinthu chapafupi, chifukwa chloroquine anali wotchipa, ankapezeka m'magolosale, ndipo makolo ankamukhulupirira. SP nayenso atayamba kufooka, unduna udasinthanso m'chaka cha 2007 n'kubweretsa LA amene tikumwa lero.

Koma chitsanzo chimene ndidachiona ndi maso anga ndi cha amayi oyembekezera amene ali ndi kachilombo ka HIV. Chisanafike chaka cha 2011, mayi akapezeka ndi kachilomboka kusikelo, zoti ayambe ma ARV a moyo wake wonse zinkadalira kwambiri mlingo wa chitetezo cha m'thupi, umene umayezedwa ndi makina a CD4. Makinawo m'zipatala zing'onozing'ono munalibe. Tinkatenga magazi, n'kudikira galimoto yopita kuchipatala cha boma, n'kumuuza mayiyo kuti adzabwerenso. Mayi wochokera kuseri kwa phiri, mimba ili pa miyezi isanu ndi iwiri, atayenda ulendo wa maola awiri wapansi, nthawi zambiri sankabweranso, ndipo tinkadzakumana naye atabereka kale mwana wodwaladwala.

Akatswiri a mu unduna wa zaumoyo adaona kuti malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, ngakhale anali olondola papepala, sakadatheka kuno. Iwo adalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV osadikira CD4, ndipo azimwa moyo wake wonse. Imeneyi ndi njira yotchedwa Option B+, ndipo idayamba mu 2011. Mayi ankayezedwa m'mawa n'kubwerera kwawo masana atanyamula botolo la mankhwala amene tinkawatchula kuti 5A, mbulu umodzi patsiku. Patangotha chaka ndi miyezi yochepa, chiwerengero cha amayi oyamba mankhwala chidakwera kuposa kasanu ndi kawiri, ndipo mu 2013 WHO idaika njirayi m'malangizo ake a maiko onse.

Chimene ndikufuna muone ndi chakuti pa nkhani ziwirizi amene adapereka uphungu ankadziwa sayansi, komanso ankadziwa mtunda wa pakati pa mudzi ndi chipatala. Uphungu wotero nduna imausainira mosavuta chifukwa mafunso ovuta amakhala atayankhidwa kale.

Jere wa ku Mzuzu adayankha:

Ndikugwirizana ndi mayi Nabanda, ndipo mfundo yawo yomalizayo ndiyo ikuyankha funso la m'bindikiro. Ine sindikuona kuti khoti lidatsutsana ndi sayansi. Palibe woweruza amene adanena kuti kachilomboko kulibe kapena kuti sikafala m'chigulu cha anthu. Odandaula adafunsa funso lina, lakuti munthu wa kabaza, mayi wogulitsa tomato pamsika ndi mnyamata wodalira ganyu adzadya chiyani masiku 21 amenewo, komanso ngati boma lidatsatira malamulo pochepetsa ufulu wa anthu mwanjira yotero. Dokotala wa miliri angathe kuwerengera kuti misika ikatsekedwa odwala achepa ndi mlingo wakuti. Sangathe, mwa ukatswiri wake wokhawo, kutiuza kuti ndi mabanja angati m'Ndirande kapena ku Chibavi amene ali ndi ufa wokwana masiku atatu. Funso limenelo lili ndi akatswiri ake, a zachuma ndi a za umoyo wa anthu osauka, ndipo zikuoneka kuti mawu awo sadalowe m'chiganizo choyambacho.

Onaninso zimene zidachitika chiletso chitaperekedwa. Boma lidalengeza ndondomeko yopereka K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda, ndipo komiti ya nduna zokhazokha imene inkayendetsa nkhani za mliriwu idalowedwa m'malo ndi komiti ya Pulezidenti, mmene mudalowa akatswiri a zaumoyo ndi anthu ena a kunja kwa boma. Dr John Phuka wa ku College of Medicine adakhala mmodzi mwa apampando ake. Kunena kwina, akatswiri adapatsidwa mpando wooneka pambuyo pa chiganizo chachikulucho, osati chisanapangidwe. Tisaiwalenso kuti dziko linali kukonzekera chisankho chachibwereza cha Pulezidenti, chimene chidachitika pa 23 Juni, kotero anthu ambiri ankakayikira kuti m'bindikiro ndi njira yozengerezera chisankhocho. Kaya kukayikirako kunali ndi maziko kapena ayi, uphungu wabwino ukadutsa m'kamwa mwa anthu amene akukayikiridwa umataya mphamvu.

Pa funso lanu lachiwiri, a Chisale, yankho langa ndi lakuti mawu omaliza akhale ndi wandale. Sindikunena izi chifukwa chowakonda andale. Chifukwa chake n'chakuti pafupifupi chiganizo chilichonse cha boma chimapulumutsa ena n'kupweteka ena, ndipo amene akusankha yemwe apwetekedwe ayenera kukhala munthu woti tingathe kumuchotsa pampando. Pulofesa sitingamuchotse ndi voti.

Phiri wa ku Johannesburg adayankha:

Bambo Jere, mfundo yanu ndi yomveka, koma ife amene tikukhala kuno ku South Africa timaimva ndi mantha, chifukwa dziko lino lidaona mtengo wake. Pulezidenti Thabo Mbeki adali wosankhidwa ndi anthu, ndipo adali ndi mawu omaliza monga mmene inu mukufunira. Iye ankakayikira zoti HIV ndiyo imayambitsa Edzi, ndipo m'chaka cha 2000 adakhazikitsa gulu lomulangiza pa za Edzi mmene adaikamo anthu ngati Peter Duesberg, amene ankakana zomwe ofufuza pafupifupi onse padziko adagwirizana. Nduna yake ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot pamene anthu ankafunika ma ARV. Zidatengera bungwe lomenyera ufulu wa anthu amene ali ndi HIV la Treatment Action Campaign kupita kukhoti, ndipo mu 2002 khoti loona za malamulo a dziko lidalamula boma kuti lipereke nevirapine, mankhwala oteteza mwana kuti asatengere HIV kwa mayi ake, kwa amayi oyembekezera m'zipatala zake. Ofufuza a ku Harvard adadzawerengera kuti kuchedwa kumeneku kudatayitsa miyoyo yoposa 330,000.

Chimene chimandiopsa pa nkhaniyi n'chakuti a Mbeki sadanene kuti akukana sayansi. Iwo adali ndi akatswiri awo, okhala ndi madigiri enieni. Boma lililonse lingathe kupeza dokotala mmodzi kapena awiri oti anene zimene ilo likufuna kumva, kenako n'kuuza mtundu kuti latsatira uphungu. Choncho kukangana zoti womaliza kulankhula ndi ndani sikukwanira. Tifunse kuti alangiziwo amasankhidwa bwanji, ndani amawalipira, ndipo kodi angathe kutsutsa nduna popanda kuopa kusamutsidwira kuofesi yopanda ntchito.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yoti uphungu uzilembedwa ndipo uzitulutsidwa poyera. Nthawi ya Covid-19 boma la kuno lidali ndi komiti yolangiza nduna, imene inkatsogoleredwa ndi Pulofesa Salim Abdool Karim, ndipo anthu atakakamiza, malangizo a komitiyo adayamba kusindikizidwa. Ku Britain nakonso zokambirana za gulu la akatswiri olangiza boma lotchedwa SAGE zidayamba kutulutsidwa chaka chomwecho cha 2020. Zikatero nduna imakhalabe ndi ufulu wokana uphungu, koma imayenera kuimirira n'kufotokoza chifukwa chake, ndipo singabisale kumbuyo kwa akatswiri pa chiganizo chimene iwo sadapereke.

Chisale wa ku Zomba adalembanso:

Zikomo nonse. Bambo Jere, ndamva kuti khoti silidakane sayansi, koma ndikadali ndi nkhawa imodzi. Mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwamphamvu, zipatala zidasowa mpweya wa okosijeni, ndipo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Kodi pamenepo sitinganene kuti amene ankachenjeza mu 2020 adali olondola, ndipo tidataya miyezi yokonzekera?

Jere wa ku Mzuzu adayankhanso:

Adali olondola pa kuopsa kwa matendawo, ndipo pamenepo sinditsutsa. Koma m'bindikiro wa masiku 21 mu Epulo 2020 sukadaletsa funde la mu Januwale 2021, limene lidadza pomwe mtundu watsopano wa kachilomboka udafala kuchokera kum'mwera kwa Africa ndipo anthu ambiri adabwera kumudzi pa Khirisimasi. Chimene chikadathandiza ndi kugwiritsa ntchito miyezi ya pakatipo kugula masilinda a mpweya ndi kukonza malo ogonekera odwala. Ndalama zidatulutsidwa ndithu, koma tonse tikukumbukira nkhani ya K6.2 biliyoni, pomwe kafukufuku wa ofesi yolondoloza chuma cha boma adapeza kuti gawo la ndalamazo lidathera m'maalawansi ndi m'kugula zinthu kosatsata malamulo. Apo sayansi sidakanidwe ndi munthu aliyense. Idavomerezedwa pamsonkhano, koma ndalama zake zidalowera kwina.

Nangondo wa ku Blantyre adayankha:

Mawu omaliza a bambo Jere ndi amene andichititsa kulowa m'zokambiranazi, chifukwa ndikuona kuti vuto lathu lalikulu m'Malawi si lofanana ndi la a Mbeki. Atsogoleri athu sakonda kukangana ndi akatswiri. Amawalandira bwino, amatsegulira misonkhano yawo, amalandira malipoti pamaso pa atolankhani, kenako nkhani imathera pomwepo.

Tengani namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nthambi yoona za nyengo idachenjeza masiku angapo mvulayo isanafike, ndipo mauthenga adamveka pawailesi kuti m'chigawo cha kum'mwera mugwa mvula yoopsa. Pa mbali imeneyo akatswiri adagwira ntchito yawo. Komabe matope ndi miyala zidatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, zomwezonso zidachitika ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, ndipo anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa. Munthu wa lendi m'mbali mwa phiri akamva pawailesi kuti asamukire kumalo otetezeka, amafunsa kuti malowo ali kuti, akafikako ndi chiyani, ndipo katundu wake atsala ndi ndani. Chenjezo la masiku atatu silingayankhe mafunso amenewo. Uphungu umene ukadapulumutsa anthu ambiri ndi wakale kwambiri, wakuti m'mapiri otsetsereka musamangidwe nyumba ndipo mitengo isagwetsedwe, ndipo akatswiri a za nkhalango ndi a mapulani a mizinda akhala akuunena kwa zaka zambiri. Koma kuutsatira kumafuna malo ena opatsa anthuwo, ndalama zowasamutsira, ndi wandale wolimba mtima woti auze omuvotera zinthu zosakoma.

N'chifukwa chake ndikuwonjezera pa ganizo la a Phiri. Kutulutsa uphungu poyera n'kofunika, koma kuno malipoti ambiri ali kale poyera ndipo palibe amene amawabisa. Chimene chikusowa ndi lamulo lokakamiza unduna kuti uyankhe. Tili ndi bungwe la National Commission for Science and Technology, limene lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2003 kuti lizilangiza boma pa za sayansi, ndipo tili ndi makomiti a Nyumba ya Malamulo amene ali ndi mphamvu yoitanitsa akuluakulu a maunduna. Ine ndingakonde kuti unduna ukalandira lipoti la akatswiri uzipereka yankho lolembedwa ku komiti yoyenera m'miyezi yoikika, lonena mfundo zimene wavomera, zimene wakana ndi chifukwa chake, komanso mzere wa bajeti umene ulipirire zovomerezedwazo. Mayi Nabanda, inu amene mudaona Option B+ ikuyamba, mungatiuze ngati mankhwala ndi maphunziro a anamwino zidafika m'zipatala nthawi imodzi ndi chilengezo, kapena ngati nanunso mudayamba mwadikira?