Kodi chikupha mitengo ya ku Harz ndi chilala kapena tizilombo?

Wophunzira za nkhalango:
Ndikupempha akuluakulu odziwa za nkhalango za ku Ulaya kuti andithandize. M'mapiri a Harz ku Germany mitengo ya spruce, yomwe imafananako ndi paini, yakhala ikuuma mwaunyinji kuyambira mu 2018, moti zitunda zathunthu zangotsala ndi mitengo yotuwa yopanda masamba. Ena akuti ndi chilala, pomwe ena akuti ndi tizilombo toboola makungwa. Kodi chenicheni n'chiti, nanga n'chifukwa chiyani oyang'anira Harz National Park amangoisiya mitengo youmayo ili chiimire?

Mlangizi wopuma pantchito:
Chilala ndicho chimayamba kuufooketsa mtengo, tizilombo n'kudzangomalizitsa. Kachilombo kake, kotchedwa Ips typographus, n'kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo kakhala kali m'nkhalangozo kuyambira kalekale popanda kuzitha. Mtengo wathanzi ukabooledwa umatulutsa utomoni wambiri umene umamata kachilomboko kasanalowe mkati. Koma utomoni umalira madzi ndi chakudya, ndipo mtengo ukasowa madzi umatseka timabowo ta m'masamba kuti usaume, zomwe zimachititsanso kuti uleke kupanga chakudya chokwanira. Zikatero kachilombo kakamuna kamalowa mosavuta n'kutulutsa fungo loitana anzake, tatikazi timakumba tinjira kunsi kwa khungwa n'kuikira mazira, ndipo mphutsi zikaswa zimadya mnofu wofewa umene umatsitsa chakudya kuchokera kumasamba kupita kumizu. Mnofuwo ukadyedwa kuzungulira thunthu lonse, mtengo sungapulumuke.

Musaiwalenso kuti mu Januwale 2018 mphepo yamkuntho yotchedwa Friederike inagwetsa mitengo yambiri m'deralo, ndipo tizilomboti tinapezamo poswerana. Kenaka kunadza kutentha ndi chilala cha zaka zotsatizana, ndipo kukatentha chotere tizilomboti timatha kuswana mibadwo itatu pachaka m'malo mwa umodzi kapena iwiri. Tikachuluka chomwecho timagonjetsa ngakhale mtengo wathanzi.

Wocheka matabwa:
Bambo mlangizi afotokoza bwino, koma pa za kuisiya mitengo ine mtima wanga suvomera, chifukwa ndimaganizira mwininkhalango amene wadikira zaka 60 kapena 80 kuti adzakolole. Njira yodziwika ndi yoyendera nkhalango pafupipafupi n'kumayang'ana utuchi wofiirira umene umagwera patsinde ndi m'ming'alu ya khungwa, pakuti mtengo wogwidwa kumene umakhala udakali wobiriwira. Ukaupeza uyenera kudulidwa msanga n'kuchotsedwa m'nkhalango, kapena kusendedwa makungwa, mphutsi zisanakhwime n'kuuluka. Wodikira kuti masamba afiire wachedwa kale, chifukwa nthawi zambiri tizilombo timakhala titasamukira kwina. Kupopera mankhwala nkhalango yonse sikuthandiza popeza tizilomboti timabisala kunsi kwa khungwa, ndipo misampha ya fungo imathandiza makamaka kudziwa kuchuluka kwake. M'zaka za 2019 ndi 2020 mitengo yodulidwa inachuluka kwambiri ku Germany ndi ku Czech Republic moti mtengo wake pamsika unagwa, ndipo zipika zambiri zinatumizidwa ku China.

Mlangizi wopuma pantchito:
Nkhawa yanu ndi yomveka, achimwene, ndipo n'chifukwa chake m'malire a pakiyo muli chigawo cha mamita pafupifupi 500 momwe mitengo yogwidwa imadulidwa pofuna kuteteza nkhalango za eni ake oyandikana nayo. Koma mkati mwa paki cholinga si matabwa. Mtengo umene unauma kale sukhalanso ndi chakudya cha tizilomboti, choncho kuudula sikuchepetsa mliri, pomwe kuusiya kumapereka mthunzi ndi chinyezi kwa mbande zomera pansi pake. Ku Bavarian Forest National Park, paki ina ya ku Germany komweko, anachita zomwezi mphepo itagwetsa mitengo mu 1983, anthu anadandaula kwambiri, koma nkhalango inameranso yokha.

Chimene ine ndimachiona kukhala gwero la vutoli ndi kubzala mtundu umodzi wa mtengo, wa msinkhu umodzi, pamalo aakulu. Spruce wambiri wa ku Harz anabzalidwa ndi anthu pofuna mitengo ya m'migodi, ngakhale m'madera otsika momwe mwachilengedwe munkamera mitengo ya masamba aakulu yotchedwa beech, ndipo mizu ya spruce siizama, motero dothi lapamwamba likauma iye amavutika msanga. Lero pakiyo ikubzala mbande za beech ndi mitengo ina ya masamba aakulu m'malo amene mbewu zake sizingafikemo zokha.