Ndikufuna kupangitsa besi ya mawaya 5 ndi mukwa wa atate, ndigawireni nzeru (ndi nkhani ya botolo la mowa)

besi_wa_Chilenje:

Muli bwanji akuluakulu nonse. Ine ndimaimba besi mu bandi ya kuno ku Chilenje, maukwati, ma kitchen party, Lachisanu lina timapezeka mu bala, zaka 6 tsopano. Besi yanga ndi ya mawaya 4 ndinagula kwa munthu, yanditumikira ndithu koma khosi lake linapindika moti ndikapitirira fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa ta pakhosi pomwe timapanikiza mawaya) mawaya amakhala patali ngati waya woyanikapo zovala, zala zimachita kuwawa. Komanso asisi amene amatiimbira amakonda makiyi otsika, E flat, D, ine B wapansi uja, waya wachisanu wa mawu otsika, ndilibe ndiye ndimangothawira kumtunda nyimbo nkumamveka yopanda msana.

Ya Fender kapena Warwick ya mawaya 5 thumba silikufika, osanena Fodera ya ku Brooklyn ija amaimbira Victor Wooten, imeneyo timangoionera pa YouTube. Koma kuli mdala wina kalipentala ku Kalingalinga anandipangira bedi ndi kabati, dzanja lake nlabwino zedi, wati ndikabwera ndi miyeso ndi zitsulo zake atha kuyesa. Atate anga asanamwalire anasiya matabwa awiri a mukwa, kwathu ku Katete timati mlombwa, akhala pansi pa bedi ya amayi zaka zoposa 10, ankati adzapangira chitseko. Ndikufuna mtengo umenewo ulire.

Ndiye funso langa, mukwa ungakhale thupi ndi khosi lomwe? Nanga kalipentala wa mipando angaithe ntchito imeneyi kapena ndingoononga matabwa a atate?

China, wa ng'oma wathu anationetsa chithunzi cha Michael Anthony wa Van Halen atanyamula besi yooneka ngati botolo la Jack Daniel's, basi anyamata onse akuti yanga ikhale botolo la Mosi. Botolo lonse ayi sindikufuna, koma ndaganiza zoika kachitsekerero ka Mosi pa knob ya volume poti atate mowa wawo unali umenewo basi. Apo mpomwe mkangano unabuka, wa kiyibodi akuti woimba besi weniweni amamwa wisiki, mowa wa botolo umalemeretsa zala, wa lead akuti ayi ndi vinyo. Inu amene mwaimba nthawi yaitali mumatani pa gigi?

mdala_wa_Matero:

Mwana wanga, wandikumbutsa kutali. Ine besi yanga yoyamba sinatuluke mu shopu, inali babatoni, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali ndi waya mmodzi, unkaikhalira pamwamba nkumakoka, ndipo anthu ankavina mpaka fumbi kubisa nyali. Kalindula yense amene munkamva pa wailesi m'ma 80 anachokera pa chinthu chimenecho, magitala amagetsi anangobwera kudzatengera kayendedwe kake. Ndiye wina asakuuze kuti besi yopanga pamanja kuno kwathu ndi chinthu chachilendo, tinayamba kale.

Mlombwa ndi mtengo waulemu, sutakataka ukauma, chiswe chimauopa, nchifukwa chake akale ankasemera ng'oma ndi mabwato. Wako wakhala zaka 10 mnyumba, ameneyo wauma zenizeni. Ukanati ukagule pa msika wa Buseko lero ndikanakuletsa chifukwa matabwa ambiri pamenepo amafika akadali ndi madzi, kunja kouma mkati muli nyontho, ukapangira chinthu mu February ikafika October dzuwa lija la Lusaka umangomva thee! wang'aluka. Wa atate ako usauope.

Za mowa ndilankhule monga kholo. Ife tinkalipidwa theka ndalama theka Chibuku, mwini bala amaika mapaketi pambali pa amplifaya, ndipo ndinaika m'manda anzanga aluso kuposa ine chifukwa cha zimenezo, ena anathera ku kachasu, achinyamata a pambuyo pathu anathera ku tujilijili, timapaketi ta mowa waukali tija, boma lisanatiletse mu 2012. Sindikuti usamwe, ine mpaka lero Mosi imodzi yozizira ndikatsitsa zida ndimamwa ndipo imakoma kuposa ina iliyonse. Koma ndikatsitsa zida. Wa besi ndi wa ng'oma ndi mafuwa a nyimbo, wa lead akaledzera anthu amati watenthedwa ndi mzimu, iwe ukaledzera mphika wonse umagubuduka. Mnzako wa kiyibodi umuuze kuti botolo lachiwiri la chilichonse, kaya wisiki kaya chani, limakuthamangitsa tempo iwe osadziwa, umamva ngati uli bwino pomwe ovina ayamba kuyang'anana.

Kachitsekereroko ika, ndi atate ako amenewo.

wokonza_magitala_Kamwala:

Ba mdala anena zoona pa mtengo, ine ndilowe ku miyeso chifukwa ndi kumene ntchito zambiri zimafera, ndakonzapo mabesi angapo opanga makalipentala ndipo vuto silikhala thupi, thupi aliyense wodziwa kupala atha kupanga, vuto ndi khosi.

Mawaya 4 okha amakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilo 70 usana ndi usiku, ukaonjezera B wonenepa uja wa .130 ndiye kwambiri. Popanda truss rod, chitsulo chija chimadutsa mkati mwa khosi chomwe umamanga ndi allen key, palibe mtengo umene ungapirire zaka. Gulani ya two way, yokhotetsa mbali zonse, chifukwa kuno nyengo imasintha kwambiri, June kouma gwa, January chinyezi, khosi limapuma nayo nyengoyo. Ndipo khosi lisakhale thabwa limodzi, mdala wanuyo adule timizere 3 kapena 5 atembenuze njere za mtengo ziyang'anane kenako amate ndi guluu wabwino, makampani akulu amatero pa mabesi a mawaya 5 ndi 6.

Kenako ma fret. Apa tepi ya kalipentala siigwira ntchito achimwene. Scale ya masiku onse ndi mainchesi 34, ndiye kuti 864 mm kuchokera pa nut, pomwe mawaya amatsamira kumutu, kufika pa bridge, pomwe amatsamira pathupi, imeneyi anaikhazikitsa Leo Fender pa Precision Bass ya 1951 ndipo mpaka lero ambiri amatsata yomweyo. Fret ya 12 iyenera kugwa pakati penipeni, 432 mm. Fret iliyonse imapezeka pogawa utali wotsala ndi 17.817, ukaphonya ndi theka la milimita besi imanama moyo wake wonse ndipo palibe tuner ingaichiritse. Ena pa mawaya 5 amapita 35 kuti B alimbe asamachite pwatapwata, koma ngati zala zanu zinazolowera 34 khalani pomwepo, B wabwino amachokera pa khosi lolimba kuposa inchi imodziyo.

Langizo langa lenileni ndi ili, itanitsani khosi lopanga kale kapena fingerboard, kathabwa ka pamwamba pa khosi, yocheka kale mipata ya ma fret kuchokera ku Johannesburg kapena pa intaneti, mukwa wa atate ukhale thupi. Khosi lomanga ndi mabawuti ngati la Fender, likavuta mawa mumasula nkuika lina thupi osalikhudza. Mukafuna kuti mukwa uonekenso kumutu, mdala amate kachidutswa kopyapyala pa headstock zifanane. Mtengo wa mukusi musayese pa thupi, ndi wolemera kwambiri, besi ikapitirira makilo 4 ndi theka ukwati wa maola 5 phewa limadandaula.

Ma pickup, tizida timene timatola kulira kwa mawaya, musaumire, pamenepo mpamene pali mawu. Bartolini, EMG, Seymour Duncan, zilizonse mungapeze zenizeni osati zongolembedwa dzina. Ine ndingati yambani passive, zosafuna batire, za active zija anatchukitsa a Alembic ku California m'ma 70 nzabwino koma batire ya 9V ikafa pakati pa gigi ku Chongwe usiku muipeza kuti. Mkati mwa bowo la mawaya amagetsi mumate copper tape, magetsi a jenereta m'maholo athu ali ndi phokoso.

Chomaliza, mitengo ya banja la mukwa ndi mukula ili pa ndandanda wa CITES tsopano, pangano la mayiko loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zotetezedwa, ndiye tsiku lina mukadzafuna kuigulitsa kunja kapena kuitumiza kudutsa boda mudzayambe mwafunsa ku Forestry za mapepala.

Zakumwa ine ndi Castle Lite, koma osati pa benchi yogwirira ntchito.

mayi_wa_B_wapansi:

Achimwene pepani za atate, nkhani ya matabwa pansi pa bedi yandigwira mtima. Ine ndimaimba ya mawaya 5 ku tchalitchi ku Chelston komanso maukwati, ndipo ndikuuzeni mukangolawa B simudzabwereranso, nyimbo za kwaya zija zikatsika pa D wapansi holo yonse imanjenjemera m'chifuwa, anthu samva ndi makutu okha. Chovuta chake nkuphunzira kumutontholetsa, B amalira yekha ukamaimba mawaya ena, chala chachikulu chizigona pa iye nthawi zonse, sabata ziwiri zoyamba mudzakwiya nayo koma zimatheka.

Pa kachitsekerero ndili ndi mawu amodzi, osati kukuletsani. Ganizirani komwe besiyo idzapite. Lero ndi bala, mawa akuitanani ku overnight kapena ukwati wa ana a abusa, kamera ya vidiyo imakonda kuyandikira pa manja a wa besi, ndipo alipo anthu amene angakuchotseni pa pulogalamu chifukwa cha kanthu kakang'ono ngati ako, ndinaonapo mnzathu akumata tepi yakuda pa sitika pakhomo la tchalitchi. Bwanji kachitsekereroko mukaike kumbuyo kwa thupi, mdala aboole kabowo kozungulira akalowetse athire epoxy pamwamba, kazikhala kokhudza pamimba panu pomwe inu nokha mukudziwa. Kapena knob ikhale yozula, muzisintha.

Wa lead wanu sananame kwenikweni za vinyo. Geddy Lee wa Rush amadziwika posonkhanitsa mabesi akale komanso mabotolo a vinyo, ndipo Les Claypool wa Primus, amene anatchuka ndi mabesi osema pamanja a Carl Thompson, ali ndi kampani yake ya vinyo ku California amapanga Pinot Noir. Ndiye palibe chakumwa chimodzi cha oimba besi, aliyense ndi pakamwa pake. Ine ndimakonda kagalasi ka pinotage ya ku Stellenbosch Lamlungu madzulo ndi nyama yootcha, wotsekemera uja wa Four Cousins anzanga amaukonda koma ine umandipweteka mutu. Pa siteji madzi basi, kukatentha munkoyo.

Ndipo samalani zakumwa pafupi ndi chida. Mlendo wina pa ukwati anaika galasi la wisiki pa amplifaya yanga, besi ya low ija inaligwedeza pang'onopang'ono mpaka linagwera pa gitala ya mnzanga, polishi yake inasungunuka pompo panatsala chipsera choyera. Spirit imadya shellac ndi lacquer ya nitro. Mdala wanu akafunsa zopaka, muuzeni polyurethane kapena mafuta, mukwa ukapakidwa mafuta maonekedwe ake ofiirira aja amatuluka bwino kwambiri.

jameson_pa_ayisi:

Ine ndiime ndi wa kiyibodi pang'ono, mowa wa botolo umadzaza mimba ndipo set ya ola limodzi ndi theka sungatsike kupita kuseri, nchifukwa chake ambiri timasankha ka tot kamodzi ka Jameson, ndi kofewa pakhosi poti amakatcheza katatu, kusiyana ndi Red Label amene amakanda. Koma ba mdala a ku Matero sindingawatsutse, mowa wa 40% si masewera, kamodzi kokha ndipo ndikatha kuimba. Lemmy wa Motörhead ankadziwika ndi Jack Daniel's wosakaniza Coke mpaka atamwalira mu 2015 anthu anayamba kuitanitsa chakumwacho ndi dzina lake, koma chimene ine ndimasirira kwa iye ndi Rickenbacker yake ija yosema masamba a oak thupi lonse. Boyi pita pa Kabwata Cultural Village ukaone anthu osema, amene amatulutsa njovu pa chipika sangalephere kukusemera kanthu m'mbali mwa besi, ngakhale chizindikiro cha kwanu ku Katete. Chimenecho chingandikomere kuposa botolo la ku Tennessee.

besi_wa_Chilenje:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Dzulo ndinapita ku Kalingalinga ndi matabwa aja pa wilibala ya mnyamata wa pa msika, mdala wapala kakona kamodzi ndipo fungo lake litatuluka amayi anga amene anandiperekeza anangokhala chete. Wati limodzi likwana thupi akalidula pakati nkumata, linalo litsala, ndiye amayi ati lotsalalo apangire kampando kawo, tagwirizana.

Khosi ndiitanitsa lopanga kale monga mwanenera achimwene a ku Kamwala, la mainchesi 34, ndipo ndikupemphani mudzandiikire bridge ndi ma pickup inuyo, ndikulemberani ku inbox. Kachitsekerero kapita kumbuyo asisi, amayi apeza kamodzi mu chitini cha mabatani cha atate, kachita dzimbiri pang'ono m'mbali. Kodi ndikatsuke kaye ndi viniga kapena epoxy igwira bwino ngakhale kali choncho?