Kodi anthu a ku Tenochtitlan ankamwa chiyani pakati pa nyanja yamchere?

Nachisale:
Ndakhala ndikuwerenga za Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, mtundu wa anthu a ku Mexico wakale, limene mbiri imati linakhazikitsidwa m'chaka cha 1325 pachilumba cha m'nyanja ya Texcoco, pomwe lero pali Mexico City. Chondizunguza mutu n'chakuti madzi a nyanjayo anali amchere, koma mzindawo unakula mpaka kukhala ndi anthu amene akatswiri ambiri amati anali pafupifupi 200,000. Ine ndinakulira kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo ndikudziwa kuti madzi otero ukamwa ludzu silitha. Nanga khamu lonselo linkamwa chiyani, ndipo ndani ankalamula ntchito yosamalira madziwo?

Mwale wa ku Dowa:
Mayi Nachisale, madzi akumwa ankachokera kumtunda, ku akasupe a paphiri la Chapultepec, kumadzulo kwa mzindawo. Anamanga ngalande ziwiri zoyandikana zodutsa pamwamba pa nyanja, kuti ina ikamatsukidwa kapena kukonzedwa, madzi azipitirira kuyenda mu inzakeyo. Madziwo akafika, anthu ankawatunga m'mabwato n'kumakagulitsa m'makomo, pakuti misewu yambiri ya mumzindamo inali ya madzi.

Koma ntchito imene imandigometsa kwambiri ndi mpanda waukulu wa miyala, mitengo ndi dothi, wotalika makilomita pafupifupi 16, umene anamanga pambuyo pa kusefukira kwa madzi cha m'ma 1449, pa ulamuliro wa Moctezuma woyamba, mfumu ya Tenochtitlan, motsogozedwa ndi Nezahualcoyotl, mfumu ya mzinda wa Texcoco, wa kutsidya kwa nyanjayo. Mpandawo unadula nyanja pawiri: madzi amchere anatsalira kum'mawa, ndipo a kumadzulo, ozungulira mzinda, anayamba kuchepa mchere. Izi zinathandiza minda yawo yotchedwa chinampa, imene tingaiyerekeze ndi madimba athu, kungoti iwo ankaiumba okha m'madzi osaya. Ankazika zikhomo, kuunjika udzu ndi matope a pansi pa nyanja, n'kubzala mitengo m'mphepete kuti mizu igwire dothi, ndipo pamenepo ankalima chimanga, nyemba, tsabola ndi maungu kangapo pachaka.

Gogo Chisale:
Bambo Mwale afotokoza bwino za luso, koma funso lachiwiri la mayiwa ndi la ndale, ndipo ine ndikuona kuti ndi pamene pagona nkhani. Poyamba Aaziteki a pachilumbacho anali pansi pa ufumu wa Azcapotzalco, ndipo madzi a ku Chapultepec ankachita kupempha. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1428, pamene mfumu yawo Itzcoatl inagwirizana ndi mizinda ya Texcoco ndi Tlacopan n'kugonjetsa Azcapotzalco. Kuyambira pamenepo, mizinda yogonja inkapereka miyala, matabwa ndi anthu ogwira ntchito, mofanana ndi zimene makolo athu ankazitcha thangata. Mumzinda momwemo munali zigawo zinayi, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi timidzi totchedwa calpulli, tokhala ndi kachisi wake, sukulu yake ya anyamata, ndi mkulu wake amene ankagawa malo ndi kusonkhanitsa anthu ikafika nthawi ya ntchito ya mfumu. Choncho tikamayamikira ngalande ndi misewu itatu ikuluikulu yodutsa panyanja kupita kumtunda ku Tepeyac, Tlacopan ndi Iztapalapa, tisaiwale misana ya anthu wamba imene inasenza dothi lake.

Mphamvu zoterozi zinkathanso kupweteka eni ake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1490, Ahuitzotl, mfumu ya Tenochtitlan, anafuna kukoka madzi a kasupe wina wa ku Coyoacan, mzinda wa kumtunda. Nkhani zakale zimati mfumu ya ku Coyoacan inachenjeza kuti madziwo ndi ochuluka koopsa ndipo adzamiza mzinda, koma m'malo momumvera, Ahuitzotl analamula kuti aphedwe. Ngalande itatsegulidwa, mzinda unasefukiradi, nyumba ndi minda zinaonongeka, ndipo kasupeyo anachita kumutsekanso.

Nachisale:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. Ngati madzi akumwa ankadalira kwambiri njira imodzi yochokera kumtunda, kodi chilumbacho sichinali pangozi pa nthawi ya nkhondo?

Mwale wa ku Dowa:
Mwalasa, mayi. Misewu ija inali ndi milatho ya matabwa imene ankaichotsa adani akamabwera, ndipo kwa zaka zambiri nyanja inali ngati linga lawo. Koma Hernán Cortés, mtsogoleri wa ankhondo a ku Spain, atazinga mzindawo m'mwezi wa Meyi 1521, pamodzi ndi ankhondo ambirimbiri a ku Tlaxcala, adani akale a Aaziteki, ndi a mizinda yotopa ndi msonkho, chimodzi mwa zinthu zoyamba kuchita chinali kuphwanya ngalande ya ku Chapultepec. Anthu amene anali atafooka kale ndi nthomba ya chaka cha 1520 anayamba kumwa madzi amchere a m'zitsime zokumba mofulumira, ndipo ambiri anafa ndi matenda a m'mimba ndi njala. Mfumu yomaliza, Cuauhtémoc, inagwidwa pa 13 Ogasiti 1521 ili m'bwato, ikuchoka ku Tlatelolco, dera la kumpoto kwa chilumbacho.